Ana akupumirana mpweya m'kalasi, ife tikuti ndi aulesi

Pasukulu chinthu chilichonse chili ndi mwini wake. Mabuku ali ndi wowasunga, mayeso ali ndi komiti yake, yunifomu ikangolakwika pang'ono mwana amabwezedwa pageti pomwepo, belu lili ndi womenya wake, olo tsache lenileni limakhala ndi munthu amene amadziwa komwe lagona. Koma mpweya umene ana akupuma m'kalasimo kuyambira m'mawa mpaka poweruka ulibe mwini. Palibe amaulemba mu ripoti, pamsonkhano wa makolo sutchulidwa, ndipo oyendera sukulu akabwera amafuna kuona ma scheme ndi kaundula wa ana basi, za mazenera kuti amatseguka kapena ayi sizimawakhudza.

Ine ndinagwirapo choko kwa kanthawi ndithu, ndiye zomwe ndikunenazi ndinaziona ndi maso. Piriyodi yoyamba ana amakhala bwinobwino, manja m'mwamba, kukanganirana kuyankha. Ikamafika piriyodi yachitatu yachinayi mumayamba kuona mitu ikulemera, uyu wagwira tsaya, uyu akuyasamula mpaka misozi, wina kumbuyo uko wagoneka mutu padesiki akuti mutu ukundiwawa. Zomwe aphunzitsi ambiri amachita mukuzidziwa, imirirani nonse, tambasulani manja, iwe pita ukasambe kumaso, kaya kumukalipira kuti anagona mochedwa. Mwana uja akatuluka kukasamba kumaso amabwerako ali tcheru, ndiye timati madzi amuthandiza. Mwina. Koma paja watulukanso panja n'kupuma mpweya wina kwa mphindi zingapo, eti.

Pali kanthu kena komwe aliyense amene anagogodapo pakalasi mkati mwa phunziro akukadziwa. Mukangotsegula chitseko kuchokera panja mumakumana ndi kafungo kolemera kofunda, ka thukuta, masokosi, zovala zosauma bwino ndi mpweya wa mkamwa zonse pamodzi. Mukakhalamo mphindi zitatu basi simukumvanso kanthu. Mphuno imazolowera msanga, ndi mmene inapangidwira. Ndiye amene ali mkatimo, aphunzitsi ndi ana, ndi omaliza kudziwa kuti mpweya wawo waipa.

Tiyeni tiikepo manambala pang'ono, musathawe, ndi osavuta. Tikamapuma timatulutsa carbon dioxide. Panja mpweya umenewu ulipo wochepa, masiku ano uli cha m'ma 420 ppm, kutanthauza magawo 420 pa miliyoni iliyonse. Koma mpweya wotuluka mkamwa mwa munthu uli ndi pafupifupi 40,000 ppm. Ndiye mukatsekera anthu m'chipinda nambala ija imangokwera. Dokotala wina wa ku Munich, Max von Pettenkofer, ananena kalekale mu 1858 kuti chipinda chikadutsa 1,000 ppm ndiye kuti mpweya wake sukusinthidwa mokwanira, ndipo mpaka lero akatswiri akugwiritsabe ntchito nambala yomweyo ngati poyambira. Zaka zoposa 160 abale, si nkhani yatsopano iyi.

Tangoyerekezani kalasi ya mamita 8 mulitali, 7 mulifupi, denga mamita 3. Mpweya umene ulimo ndi ma cubic metre 168. Muikemo ana 40, aliyense akutulutsa malita a carbon dioxide cha m'ma 12 pa ola. Mutatseka zonse kuti ndii, malire a Pettenkofer aja mwawadutsa kota ya ola isanathe, aphunzitsi asanamalize n'komwe kulemba manotsi pabolodi, ndipo ola likamakwana muli cha m'ma 3,000. Zoona nyumba sikhala yotsekeka choncho, mpweya umadontha pansi pa chitseko ndi m'ming'alu, koma mwaona liwiro lake. Ndipo awa ndi ana 40. Pali makalasi padziko pano omwe muli ana kuwirikiza kawiri pamenepo m'chipinda chomwecho.

Tsopano chimene chimandinyansa ine ndi ichi. Nambala ija imakuuzaninso kuti mpweya umene mukukoka wadutsa kale m'mapapo a anzanu wochuluka bwanji. Pa 2,000 ppm, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 25 a mpweya umene mwana akukoka ndi wotuluka m'chifuwa cha wina. Palibe kholo lingalole kuti kalasi yonse izichukucha mkamwa n'kulavulira mu ndowa imodzi kenako mwana wake atungemo madzi akumwa, tingachite ziwonetsero tsiku lomwelo, koma pa mpweya tikuchita zomwezo tsiku ndi tsiku ndipo palibe akudandaula chifukwa sizioneka.

Ndinene chilungamo, carbon dioxide wa mulingo umenewu si poizoni woti mwana angagwe naye pansi ayi. Asayansi mpaka pano amatsutsana kuti kodi ndi iye mwini amene amafoola ubongo kapena ndi zina zonse zimene zimaunjikana limodzi naye mpweya ukaima. Kwa ine mkangano umenewo ndi wawo, chifukwa mankhwala ake ndi amodzi omwewo, kulowetsa mpweya wa panja. Ku Denmark, Pawel Wargocki ndi David Wyon ankasintha kuchuluka kwa mpweya wolowa m'makalasi ana osadziwa, n'kumawapatsa masamu ndi zowerenga, ndipo anapeza kuti mpweya ukachuluka ana amagwira ntchito mofulumirako. Ku California, Mark Mendell ndi anzake anatsata makalasi 162 m'sukulu 28, zotsatira zinatuluka mu 2013, makalasi opitirira theka sankafika pa mulingo wa mpweya umene malamulo a komweko amafuna, ndipo kumene mpweya unali wochulukirapo ana ojomba chifukwa chodwala anali ochepa. Ndiye tikamadandaula za kujomba tizifunsanso kuti ana akudwalira kuti.

Nkhani ya matenda ndi imene ili yaikulu. Chikuku, mwachitsanzo, kachilombo kake kamatha kukhala mumpweya mpaka maola awiri wodwalayo atatuluka kale m'chipindamo, ndipo mwa ana 10 osabayitsa katemera amene akhala naye pafupi, 9 akhoza kutenga. TB nayonso siyenda m'kapu kapena pogwirana chanza monga ambiri amaganizira, imayenda mumpweya, timadontho tating'onoting'ono touma tomwe timayandama nthawi yaitali. William Wells anafotokoza zimenezi m'ma 1930, ndipo kuyambira 1937 anaika nyali za ultraviolet, zomwe kuwala kwake kumapha tizilombo, m'mwamba mwa makalasi m'sukulu zina za kufupi ndi Philadelphia, n'kuona kuti chikuku chikabuka, ana a m'makalasi amenewo sankapatsirana kwambiri ngati anzawo. Kenako wophunzira wake Richard Riley, m'ma 1950 ku Baltimore, anatenga mpweya wochokera mu wodi ya odwala TB n'kuudutsitsa m'mapaipi kupita ku timakola ta mbira pamwamba pa nyumbayo. Mbirazo sizinaonanepo ndi wodwala aliyense, koma zina zinadwala TB. Umboni woposa pamenepo mungaufune wotani.

Ndipo anthu akale anali atazitulukira kale mwanjira yawo. Mu 1904 ku Charlottenburg, pafupi ndi Berlin, anatsegula sukulu ya m'nkhalango ya ana ofooka omwe ankaopedwa kuti adwala TB, ana kuphunzirira panja, ndipo maganizo amenewa anafalikira ku Ulaya konse mpaka ku America komwe mu 1908 ku Providence anatsegula kalasi ya mazenera aakulu osatseka olo nyengo yozizira koopsa, ana atakutidwa mabulangete. Mankhwala a TB atapezeka m'ma 1940 ndi 1950 anthu anaiwala zonsezi, anayamba kumanga mabokosi.

Covid itabwera mukukumbuka mmene tinalimbikira kupukuta madesiki, kupopera mageti, kusamba m'manja mpaka khungu kuuma. Kusamba m'manja n'kwabwino, sindikunyoza, matenda otsegula m'mimba amachepa nako. Koma kachilombo kaja kanali mumpweya. Mu July 2020 asayansi 239 motsogozedwa ndi Lidia Morawska ndi Donald Milton analembera bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO kalata yapoyera kuti vomerezani kuti matendawa akuyenda mumpweya, ndipo zinatenga mpaka 2021 kuti bungweli linene zimenezi momveka. Pamenepo ndi pamene maboma ena anadzidzimuka, ku England mu 2021 anagawa timakina toyezera carbon dioxide toposa 300,000 m'sukulu, ndipo ku America bungwe la boma loona za matenda la CDC mu 2023 linati mpweya wa m'chipinda uzisinthidwa kosachepera kasanu pa ola. Mliri utazilala ambiri abwereranso kukatseka mazenera ngati TB, chikuku ndi chimfine zinapita limodzi ndi Covid.

Kafukufuku amene ndimamukonda kwambiri pa nkhaniyi sanachitikire m'sukulu n'komwe, anachitikira m'zipatala za ku Lima ku Peru, anatuluka mu 2007, wotsogolera anali Rod Escombe. Iwo anangoyeza kuti kutsegula mazenera ndi zitseko kumasintha mpweya kangati pa ola. Anapeza ka 28, kuposa kawiri zimene zipinda zodula za makina zimayenera kufika, zomwe ndi ka 12. Koma chosangalatsa n'chakuti nyumba zakale, zomangidwa zaka zoposa 50 m'mbuyomo, za denga lalitali ndi mazenera aakulu, zinkafika ka 40, pomwe zamakono za timazenera tating'ono zinkathera pa 17. Ndiye kuti amisiri akale aja, opanda kompyuta, ankamanga nyumba yopuma bwino kuposa ife.

Mpweya kuti uyende umafuna polowera ndi potulukira. Zenera limodzi lotsegula mbali imodzi limathandiza pang'ono chabe, mpweya umangozungulira pakamwa pa zeneralo, mwana wa pakona yakumbuyo sumufika. Pamafunika mbali ziwiri zoyang'anizana, kaya zenera uku chitseko uko, kuti mphepo idutse. Komanso mpweya wofunda umene tatulutsa umakwera m'mwamba, ndiye timabowo ta pamwamba pa khoma pafupi ndi denga si tokongoletsa ayi, ndi potulukira. Tsiku lina mukapita kusukulu ya mwana wanu tayang'anani timabowo timeneto. Ine kalasi ina yomwe ndinkaphunzitsamo, tonse tinali totsekedwa ndi mapepala a m'makope opindapinda, oderako ndi fumbi, anatsekamo ndani kaya, mwina pothawa mphepo chaka china, ndipo pamwamba pake akangaude anali atamangapo kale. Mazenera a mbali ya kumsewu anawapaka penti ali chitsekere ndiye penti inauma n'kumata felemu yonse, chogwirira chinathyoka n'kumangidwa ndi waya, lina analikhomera bolodi la zidziwitso, lina kabati ya mabuku inaima kutsogolo kwake. Pa mazenera onse aja otseguka analipo awiri, onse mbali imodzi. Papepala kalasi imeneyo inali ndi mazenera okwanira bwinobwino.

Ndipo chilichonse mwa zimenezi chinali ndi chifukwa chake chomveka, ndi pamene pali vuto. Akuba analowerapo ndiye tinawotcherera. Ana amayang'ana panja m'malo moyang'ana pabolodi. Kalasi yoyandikana nayo imachita phokoso. Mphepo imaulutsa mapepala. Dzuwa limawala pabolodi. Aliyense amatseka kamodzi pa chifukwa chake, wotsegulanso palibe. Akuba amatchingidwa ndi zitsulo, mpweya n'kumadutsabe, kuwotcherera zenera lonse ndi ulesi wa kuganiza basi.

Ena amati ife kwathu kulibe vuto tili ndi fani, kaya tili ndi air conditioner. Pepani. Fani imangotakasa mpweya womwewo, mumamva kuzizira pakhungu koma mpweya watsopano sunalowe olo pang'ono ngati zenera lili lotseka. Ma air conditioner ambiri okhoma pakhoma aja nawonso amakoka mpweya wa m'chipindamo, kuuziziritsa, n'kuubwezera momwemo, ndipo poti magetsi asawonongeke aliyense amakuwa kuti tsekani chitseko. Ndiye sukulu yodula ya makalasi ozizira bwino ikhoza kukhala ndi mpweya woipa kuposa kalasi ya magalasi osweka. Izi makolo olipira fizi yambiri sakonda kumva.

Koma ndisanamizire kuti kutsegula zenera ndi yankho la zonse. Nanga panjapo pakakhala poipa? Sukulu zambiri zili m'mphepete mwa misewu ikuluikulu, ndipo utsi wa galimoto, makamaka za dizilo, uli ndi tinthu tomwe amatitcha PM2.5, tochepa kuwirikiza pafupifupi 30 poyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Timeneti mphuno siitchinga, timalowa mpaka pansi pa mapapo, tina mpaka m'magazi. Mu 2021 WHO inatsitsa mulingo wake kufika ma microgram 5 pa cubic metre pa avereji ya chaka, kuchoka pa 10, itaona kuti olo tochepa timavulaza. Ku Barcelona, Jordi Sunyer ndi gulu lake anatsata ana oposa 2,700 a zaka 7 mpaka 10 m'sukulu 39 kwa chaka, ndipo mu 2015 anaonetsa kuti ana a m'sukulu za utsi wambiri wa galimoto luso lawo losunga zinthu m'mutu linkakula pang'onopang'ono kuyerekeza ndi anzawo a m'sukulu za mpweya wabwinoko. Ku London kuli nkhani ya Ella Adoo-Kissi-Debrah, mtsikana wa zaka 9 amene ankakhala pafupi ndi msewu wa South Circular n'kumwalira ndi mphumu mu 2013, ndipo mu 2020 khoti lofufuza za imfa linagamula kuti mpweya woipa unathandizira imfa yake, koyamba ku Britain kuti zimenezi zilembedwe pa chikalata cha imfa.

Mwana si munthu wamkulu wochepa msinkhu. Amapuma mofulumira, amakoka mpweya wambiri poyerekeza ndi kulemera kwa thupi lake, mapapo ake akukulabe, komanso ndi wamfupi, mphuno yake ili pafupi ndi ekizozi. Ndiye zimandipweteka ndikaona mzere wa galimoto pageti nthawi yoweruka, injini zonse zikulira, makolo ali pafoni mkati magalasi atakweza, ana akudutsa pakati pa utsiwo. Kuzimitsa injini sikulipiritsa kanthu. Chimodzimodzi jenereta yoikidwa kuseri kwa kalasi pansi pa zenera penipeni, kaya khitchini ya sukulu yomwe utsi wake mphepo imaukankhira m'makalasi, kaya dzenje la zinyalala lomwe amaliyatsa nthawi ya maphunziro muli mapepala, mabotolo a pulasitiki ndi zotsala za mapeni. Pulasitiki akamanyeka pamoto wozilala chonchija amatulutsa utsi wa poizoni, ndipo kawirikawiri amene amatumidwa kukasonkhezera ndi ana omwewo, ati chilango.

Kumene panja kuli utsi wosapeweka, monga nyengo ya moto wa m'tchire kapena pafupi ndi msewu, pamafunika kusefa. Mumatsegula mazenera a mbali yosayang'ana msewu, nthawi imene galimoto zachepa, kwinako makina osefa mpweya a fyuluta ya HEPA, yogwira tinthu tating'onoting'ono, agwire ntchito. Amadula, inde, koma mu 2020 Richard Corsi ndi Jim Rosenthal anatulukira kabokosi kophweka, mafyuluta anayi a mtundu wotchedwa MERV 13 omatidwa ndi tepi kupanga bokosi, fani pamwamba, basi, ndipo m'sukulu zambiri ana eni ake ndi amene ankapanga ngati phunziro la sayansi. Kungoti fyuluta imachotsa fumbi, utsi ndi tizilombo, carbon dioxide uja siimuchotsa, ndiye zenera silinachotsedwe ntchito.

Fumbi lina timalipanga tokha mkati momwemo. Taonani mmene kusesa kumachitikira m'sukulu zambiri, m'mawa belu lisanalire, ana angapo ndi matsache pansi pouma, mazenera sanatsegulidwe, fumbi kuti kobo mpaka kuwala kwa dzuwa kolowera pazenera kumaoneka ngati mzati woyera, kenako belu ngiri ngiri anzawo onse n'kulowa kukhala pansi fumbi lisanatsike. Lomwe lasesedwa ndi mapepala ndi mchenga, fumbi losalala lija langonyamuka pansi kupita m'mapapo, lotsala likatera pamadesiki mawa lidzanyamukanso. Kuwaza timadzi pang'ono musanasese, kaya kukolopa, komanso kusesa poweruka m'malo mwa m'mawa kuti fumbi ligone usiku wonse, zimasintha zinthu kwambiri. Nayo dasitala, mwana amatumidwa kukaikuntha ndiye amaimenyetsa pakhoma pakhomo penipeni, nkhope yonse mbuu, nsidze zoyera, akutsokomola uku akuseka, ndipo amene amakhala kutsogolo pafupi ndi bolodi nthawi zambiri ndi ana aang'ono thupi kapena ovutika maso, ndiwo amadya choko chambiri. Kansalu konyowa kamafufuta bwino popanda fumbi. Ma whiteboard nawo si angelo, mamaka ena fungo lake lokha limakuuzani kuti muli mankhwala ouluka.

Tibwere ku chinyezi. Denga likamadontha, siling'i imayamba ndi kabwalo kachikasu, kenako timadontho takuda, kenako imafufuma n'kulendewera, ndipo pakona kuseri kwa kabati khoma limachita nkhungu yobiriwira, mabuku kumata masamba, kalasi yonse kumveka fungo la chinyontho. WHO inatulutsa malangizo apadera a nkhani ya chinyezi ndi nkhungu mu 2009, ndipo mfundo yake ndi yakuti anthu okhala m'nyumba zoterezi amavutika kwambiri ndi chifuwa, kubanika ndi mphumu. Zomwe sukulu zambiri zimachita alendo akamabwera ndi kupakapo penti. Nkhungu siifa ndi penti, madzi akadalowabe imatulukiranso pakangopita masabata. Choyamba ndi kutseka podontha, kukonza ngalande kuti madzi asaime m'mbali mwa khoma, kuchotsa siling'i yowolayo, kupenta kumabwera pamapeto. Onjezanipo ndowe za makoswe, mileme ya kudenga ndi mphemvu, zonsezi zikauma zimasanduka fumbi lomwe limadzutsa mphumu.

Ndipo mphumu si matenda a ana owerengeka, WHO imati mu 2019 anthu pafupifupi 262 miliyoni anali nayo, ndipo mwa matenda okhalitsa ndi imene imagwira ana kwambiri. Mwana amene amabanika mkati mwa sabata koma Loweruka ndi Lamlungu ali bwino, pa holide ali bwino, sukulu ikangotsegulira wayambanso, ameneyo musathamangire kunena kuti akuthawa sukulu, kaoneni kalasi yake. Komanso chonde aphunzitsi, inhela ya mwana isamatsekeredwe mu ofesi ya ahedi omwe apita kumsonkhano ndi makiyi.

Pali zinanso zomwe timalowetsa tokha poganiza kuti tikuchita ukhondo. Kalasi ikanunkha wina amabweretsa perefyumu wopopera, fungo loipa lija silinachoke, mwangowonjezerapo mankhwala ena oti ana apume. Oyeretsa ku zimbudzi amasakaniza bulichi ndi mankhwala ena kuti zigwire bwino, osadziwa kuti bulichi akakumana ndi asidi amatulutsa mpweya wa klorini, akakumana ndi ammonia amatulutsanso mpweya wina wowotcha mapapo, m'kachipinda kopanda zenera munthu akhoza kukomoka. Kupenta, kupaka vanishi, kupopera mankhwala a tizilombo, zonsezi ndi ntchito za pa holide, osati Lamlungu madzulo ana n'kulowa Lolemba. Madesiki atsopano a matabwa opanikiza aja amatulutsa mankhwala ouluka otchedwa formaldehyde kwa miyezi, kafungo ka chatsopano kamene timakakonda kaja, ndiye amafunika kalasi yotsegula kwambiri masiku oyambirira.

Za nyumba zakale ndingodutsamo mwachangu koma ndi zoopsa. Penti yakale yambiri inali ndi mtovu, America inaletsa penti yotere m'nyumba mu 1978 koma m'maiko ambiri inapitirira kugulitsidwa zaka zambiri pambuyo pake, ndipo ikamasuwa kapena kupalidwa fumbi lake limawononga ubongo wa mwana, palibe mulingo wa mtovu umene ndi wabwino m'magazi. Asbestos, mwala wa timaulusi womangira umene uli m'madenga ndi m'masiling'i a sukulu zambiri zakale, akakhala osakhudzidwa savuta kwenikweni, koma mukamuboola, kumudula kapena kumuswa amatulutsa timaulusi tomwe timakakhala m'mapapo n'kudzayambitsa khansa patapita zaka 20, 30 mpaka 40. Britain inamuletseratu mu 1999 koma akadali m'sukulu zake zambiri. Ndiye denga lotere likasweka si ntchito yotuma ana kuti atole zidutswa. Palinso radon, mpweya wochokera m'nthaka wopanda fungo wopanda mtundu umene umaunjikana m'zipinda zapansi, ndi wachiwiri kwa fodya poyambitsa khansa ya m'mapapo, ndipo njira yodziwira kuti ulipo ndi kuyeza basi.

Kutentha nakonso ndi mbali ya nkhani yomweyi. Jisung Park, Joshua Goodman ndi anzawo anaunika mayeso a ana pafupifupi 10 miliyoni a ku America n'kupeza kuti m'sukulu zopanda zoziziritsira, chaka chikatentherako ndi digiri imodzi ya Fahrenheit (pafupifupi theka la digiri ya Celsius), zimene ana aphunzira chaka chimenecho zimatsika ndi pafupifupi 1 peresenti. Digiri imodzi yokha. Ndiye ganizirani kalasi ya malata opanda siling'i masana dzuwa lili paliwombo, malata akuthetheka, ana atapanikizana mapewa kugundana. Siling'i, denga lopaka zoyera, khonde lotchinga dzuwa, mitengo ya mthunzi mbali yomwe dzuwa limawomba masana, izi si zokongoletsa sukulu. Kungoti mitengoyo isabzalidwe mothinana pazenera mpaka kutsekanso mphepo.

Musaganize kuti ndi vuto la maiko osauka okha. Mu 2020 ofesi yolondoloza ntchito za boma ya GAO ku America inapeza kuti 41 peresenti ya maboma a zamaphunziro ankafunika kukonza kapena kusintha makina a mpweya m'theka la sukulu zawo kapena kuposa, sukulu pafupifupi 36,000. Olemera makina awo amafa osakonzedwa, fyuluta osasinthidwa zaka, osauka mazenera awo amawotchereredwa, mapeto ake ndi amodzi. Ine ndimaona kuti chifukwa chake n'chakuti mpweya sujambulika. Kompyuta zatsopano mumaitana atolankhani, geti latsopano mumadula riboni, koma ndani angabwere kudzaombera m'manja mahinjesi a zenera omwe athiridwa oilo? Ndipo aphunzitsi, amene amakhala m'chipinda chomwecho zaka 30 ana akusinthana, mawu kusasa chaka chilichonse, chifuwa chosatha, sindimva mabungwe awo akuikapo mlomo kwenikweni pa nkhani imeneyi, imathera pa malipiro.

Mkangano umene umavuta zoona ndi wa nyengo yozizira kapena yamvula, chifukwa mwana wokhala pazenera amazizidwadi, si bodza, ndipo ndi iye amene amadzuka kukatseka. Apa sipafunika kusankha pakati pa kuzizidwa ndi kubanika. Kukazizira mpweya umasinthana msanga kuposa kukatentha, chifukwa kusiyana kwa kutentha kwa mkati ndi panja ndi kumene kumaukoka, ndiye kampata kakang'ono m'mazenera a m'mwamba mbali zonse ziwiri kamakwana, mphepo yozizira imasakanikirana ndi yofunda isanafike pakhosi pa mwana. Ku Germany nthawi ya Covid analangiza sukulu kuti mphindi 20 zilizonse azitsegula mazenera onse kwa mphindi zitatu mpaka zisanu kenako n'kutseka, makoma ndi madesiki amasunga kutentha ndiye chipinda chimafundanso msanga. Nthawi ya buleki ana onse atuluke, zitseko ndi mazenera zikhale yasa, osati theka la kalasi kutsalira mkati kukopera manotsi chitseko chotseka. Ndipo lamulo loletsa juzi yosakhala ya yunifomu m'kalasi yomwe mukufuna mazenera akhale otsegula, limenelo ndiye ahedi angolichotsa.